Rauta ya kalabu: tidziwe mtengo venda asanafike pakhomo

Awa ndi mawu omwe mmodzi mwa atsogoleri a alimi analankhula pa msonkhano wa makalabu ku Chitala, m'boma la Salima. Tawasindikiza onse kuti makalabu ena omwe akuganiza zogula rauta apeze poyambira.

 Ndikuthokozeni posiya ntchito zanu kumunda ndi kudimba kuti tidzakhale pansi limodzi. Ena mwapalasa njinga kuchokera kwa Khombedza, ena ku Chinguluwe, dzuwa lake lomweli la kuno kunyanja. Sindikutayirani nthawi.

Kabokosi ndanyamula m'manjamu dzina lake ndi rauta. Ndikudziwa kuti ena mukudabwa kuti pa msonkhano wa alimi tikambiranji za kabokosi m'malo mwa feteleza ndi mbewu. Ndiloleni ndiyambe ndi nkhani yomwe tonse tikuidziwa.

Chaka chilichonse tikangoyamba kukumba mtedza kapena kutola thonje, venda amafika m'mudzi ndi sikelo yake. Mawu ake sasintha: “Ku Lilongwe mtengo watsika, ine ndikungokuthandizani.” Ife tilibe pofunsa. Mwana wabwezedwa kusukulu, mchere watha m'nyumba, ngongole ya kubanki m'khonde ikudikira, ndiye timagulitsa. Pakapita sabata ziwiri timamva kuti anzathu a ku Mchinji kapena ku Dowa anagulitsa mtedza ngati womwewo pa mtengo wokwererapo. Venda uja amatiposa pa chinthu chimodzi chokha: iye amadziwa mtengo wa tsikulo pomwe ife sitidziwa.

Chonsecho Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse. Bungwe la ACE, lomwe limalumikizitsa ogula ndi ogulitsa mbewu, lakhala likufalitsa mitengo ya m'misika. Nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza momwe mvula igwere. Zonsezi zimapezeka pa intaneti, koma kuno kumudzi zimafika mochedwa, pena venda atapita kale ndi matumba athu. Pafupi pomwepa pali malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi, ndipo mtundu wina wa mtedza womwe unatulutsidwa m'chaka cha 2005 unapatsidwa dzina la Chitala. Akatswiri a mtedza akulidziwa dzina la dera lathu, koma mlimi wa ku Chitala sadziwa kuti mtedza wake ukugulidwa ndalama zingati ku Kanengo lero.

N'chifukwa chake ndikuti rauta tiione monga momwe timaonera sikelo kapena sipuleya ya kalabu: chipangizo cha gulu, chokhala ndi wochisunga, malamulo ake komanso buku lake. Ndifotokoza momwe tingaikhazikitsire pakhomo, zomwe ife tinalakwitsa pa kalabu yathu, ndi zomwe tikupempha kwa boma ndi makampani a mafoni.

Kodi rauta ndi chiyani?

Akuluakulu mukukumbukira momwe mafoni a m'manja anafikira. Kampani ya TNM inayamba m'chaka cha 1995. Celtel inabwera mu 1999, n'kusintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. M'zaka zoyambirirazo intaneti inali ya m'maofesi a m'tauni okhala ndi lamya ya waya. Zinthu zinasintha kwambiri netiweki yothamanga ya 4G itafika: TNM inaiyamba mu 2016, Airtel mu 2018. Netiweki imeneyi ndi yomwe imatheketsa kuti intaneti yamphamvu ifike pakhomo popanda kukoka waya.

M'kabokosi aka muli zipangizo ziwiri. Choyamba ndi modemu, yomwe imakoka netiweki kuchokera pa nsanja ya kampani ya mafoni kudzera mu simukhadi, monga momwe foni yanu imachitira. Chachiwiri ndi rauta yeniyeniyo, yomwe imagawa intaneti ija kwa mafoni ndi makompyuta omwe ali pafupi, popanda waya. Kugawa kumeneku ndi komwe amati Wi-Fi. Tiyerekeze ndi ulimi wothirira. Modemu ndi pampu yokoka madzi mumtsinje, Wi-Fi ndi ngalande zogawira madziwo m'mapuloti. Mtsinje ukauma, ngalande zikhale zabwino chotani, madzi safika. Momwemonso foni ikhoza kuonetsa kuti Wi-Fi yadzaza pomwe intaneti palibe, chifukwa netiweki ya pa nsanja sikufika pa rauta.

Ubwino wa rauta ndi woti anthu angapo amagawana bandulo imodzi yaikulu ya pamwezi, yomwe imatsika mtengo poyerekeza ndi timabandulo ta tsiku limodzi tomwe aliyense amagula payekha. Komanso rauta imakhazikika pamalo amodzi pomwe netiweki imagwira bwino, m'malo moti munthu azikwera pachulu foni ili m'mwamba.

Njira zina zopezera intaneti zilipo. Chingwe cha faiba chimafika m'matauni ndi m'maboma, koma m'midzi mwathu sichinafike. Starlink, yomwe imakoka intaneti kuchokera kumwamba pogwiritsa ntchito mbale, inayamba ntchito m'Malawi muno mu 2023. Imagwira ngakhale komwe kulibe nsanja, koma zipangizo zake, malipiro a pamwezi ndi magetsi omwe imafuna ndi zoyenera asosiyeshoni kapena kopaletivi yaikulu. Kalabu ya anthu khumi kapena makumi awiri iyambe ndi rauta ya simukhadi.

Choyamba: yesani netiweki musanagule

Safunsa anadya phula. Musanatulutse ndalama ya gulu, tengani foni yamakono ndi masimukhadi a makampani onse awiri, mupite panyumba pomwe mukufuna kuika rauta. Yang'anani pamwamba pa foni, pafupi ndi timizere ta netiweki. Pakalembedwa 4G kapena LTE, malowo ndi abwino. Pakalembedwa 3G kapena H, intaneti igwira koma mwapang'onopang'ono. Pakalembedwa E, musavutike kugula rauta, chifukwa ngakhale chithunzi chimodzi chidzakutopetsani kuchidikira.

Musangodalira timizere. Tumizani chithunzi pa WhatsApp kwa mnzanu, muone ngati chapita msanga. Yesani m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku atatu, chifukwa madzulo anthu ambiri amakhala pa nsanja imodzimodziyo ndipo netiweki imalemera. Yesani pa nyumba zitatu kapena zinayi za mamembala, ndipo mlembi alembe zomwe mwapeza. Rauta ikakhale komwe netiweki ikugwira komanso komwe amayi angafike momasuka masana. Isapite kunyumba ya wapampando kokha chifukwa choti ndi wapampando.

Chachiwiri: pogula

Gulani kusitolo ya kampani ya mafoni kapena kwa wogulitsa wodziwika, ndipo mutenge lisiti. Mitengo sindiitchula pano chifukwa imasinthasintha. Mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera. Tumizani anthu awiri akafunse mtengo wa rauta ndi wa bandulo ya pamwezi, abwere adzafotokoze ku gulu musanagule.

Pogula funsani mafunso anayi awa. Kodi rauta iyi imalola simukhadi ya kampani iliyonse, kapena ndi yokhoma? Marauta ambiri ogulitsidwa ndi kampani ya mafoni amalola simukhadi ya kampani yomweyo basi. Kodi ili ndi batire lake mkati? Kodi ili ndi pomangira eriyo yakunja? Kodi imalola mafoni angati nthawi imodzi? Palinso karauta kakang'ono ka m'thumba komwe amati MiFi. N'kabwino paulendo, koma Wi-Fi yake safika patali, ndipo kanthu kolowa m'thumba sikachedwa kusowa.

Nkhani ya simukhadi musaipeputse. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa, ndipo ambirife timalembetsa ndi chiphaso cha unzika. Izi zikutanthauza kuti simukhadi ya mu rauta idzakhala m'dzina la munthu mmodzi. Lembani m'buku la kalabu kuti nambala yakutiyakuti yalembetsedwa m'dzina la uje koma ndi ya gulu, ndipo iyeyo asayine pamaso pa mboni ziwiri. Anthu amasamuka, ena amakangana ndi gulu. Tisadzalimbirane simukhadi kwa a mfumu.

Chachitatu: malo oika rauta

Ife titagula rauta yathu tinaiika pansi pa tebulo kuchipinda, titaiphimba ndi nsalu poopa fumbi ndi akuba. Sinagwire, ndipo tinkafuna kukaibweza kusitolo. Mwana wa sukulu ndi amene anainyamula n'kukaiika pawindo, nyali zake zonse n'kuyaka.

Ikani rauta pamwamba, pa shelufu kapena pathabwa lokhomedwa kukhoma, pafupi ndi windo loyang'ana komwe kuli nsanja. Malata amatchinga netiweki, choncho musaiphatikize kudenga. Makoma a njerwa amafooketsa Wi-Fi, ndiye ikhale pabalaza kufupi ndi khonde lomwe anthu azikhalapo. Kawirikawiri Wi-Fi imakwanira nyumba ndi bwalo lake, sifika mudzi wonse ayi. Ngati netiweki ndi yofooka m'nyumba koma panja ikugwira, eriyo yakunja yomangirira pa nsungwi yaitali, yolozetsedwa ku nsanja, imathandiza kwambiri.

Kuno ku Salima kutentha kwa mwezi wa October mukukudziwa. Rauta isawombedwe ndi dzuwa ndipo isaphimbidwe, chifukwa ikatentha kwambiri imazima yokha kapena kuonongeka. Muziipukuta fumbi ndi kansalu kouma, ndi kuyang'anira nyerere zomwe zimakonda kumanga m'timabowo take. Nyengo ya dzinja kukayamba ziphaliwali, izimitseni n'kuzula mawaya onse, makamaka wa eriyo yakunja.

Chachinayi: magetsi

Rauta siidya magetsi ambiri. Yambiri imafuna mavolti 12 ndi mawati osapitirira khumi kapena khumi ndi awiri. Koma musangokhulupirira ine. Werengani zomwe zalembedwa pa chaja yake, chifukwa ina imafuna mavolti 5 okha, ndipo mukailumikiza pa batire la mavolti 12 ipsa nthawi yomweyo.

Tiwerengere limodzi. Rauta yodya mawati 6 ikayaka maola 10 yadya mphamvu yokwana 60. Batire laling'ono la mavolti 12 lolembedwa 7Ah limasunga mphamvu yokwana 84, koma batire lotere silifunika kulikhetsa mpaka pansi chifukwa limafa msanga. Choncho gulani batire lokulirapo kawiri kapena katatu, sola ya mawati 30 kapena kuposerapo, ndi kontirola, kachipangizo kokhala pakati pa sola ndi batire koteteza kuti batire lisapse. Ngati anthu azitchajanso mafoni pomwepo, zonsezi zikulirepo. Polumikiza itanani munthu wodziwa za sola, chifukwa kusinthanitsa waya wofiira ndi wakuda kumapha rauta.

Ngakhale omwe muli ndi magetsi a ESCOM khalani ndi batire. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala nthawi yaitali magetsi akuthimathima. Nthawi ya mavuto ngati imeneyo ndi yomwe timafuna uthenga kwambiri. Muzizimitsanso rauta usiku. Mukatero mwasunga batire ndi bandulo yomwe.

Chachisanu: kulumikiza ndi kutseka pakhomo

Rauta ili chizimire, lowetsani simukhadi pamalo pake motsatira kachithunzi komwe kali pomwepo. Musaikakamize. Lumikizani magetsi, muyatse, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu kuti nyali zikhazikike. Kabuku kobwera ndi rauta kamafotokoza tanthauzo la nyali iliyonse, choncho kasungeni pamodzi ndi lisiti.

Tembenuzani rauta. Kunsi kwake kuli kapepala komatidwa komwe kali ndi dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake, ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, monga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1. Pa foni yanu tsegulani Wi-Fi, sankhani dzina lija, mulembe pasiwedi. Mukatero mwalumikizidwa. Ngati intaneti sikubwera, yambani mwaona ngati simukhadi ili ndi bandulo. Ngati bandulo ilimo koma sizikutheka, imbani ku nambala yothandizira makasitomala ya kampaniyo, akuuzeni zoti mulembe pamalo otchedwa APN.

Ambiri amalekera pamenepa, ndipo apa m'pomwe pamayambira mavuto. Tsegulani Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira masamba a intaneti, mulembe manambala anayi aja pamwamba. Patuluka tsamba loyendetsera rauta. Likufunsani dzina ndi pasiwedi yolowera, zomwenso zalembedwa pa kapepala kaja, ndipo nthawi zambiri ndi mawu oti admin. M'menemo sinthani zinthu zitatu. Dzina la Wi-Fi likhale la kalabu yanu. Pasiwedi ya Wi-Fi ikhale yatsopano, ya zilembo ndi manambala osachepera asanu ndi atatu, ndipo pa chitetezo musankhe WPA2. Pomaliza sinthani pasiwedi yolowera pa tsamba lomwelo.

Mapasiwedi awiriwa ali ngati makiyi awiri. Ya Wi-Fi ndi kiyi wa pabalaza, wopatsidwa kwa mamembala. Ya tsamba loyendetsera ndi kiyi wa m'nkhokwe, wosungidwa ndi anthu awiri okha osankhidwa ndi gulu. Musagwiritse ntchito dzina la mudzi, chaka chobadwa kapena 12345678. Zilembeni m'buku lomwe msungichuma amasunga. Mukaiwala zonse, kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Mukadina m'menemo ndi kawaya kwa masekondi pafupifupi khumi, rauta imabwerera momwe inalili pogula. Koma dziwani kuti wina aliyense woigwira akhoza kuchita zomwezo, n'chifukwa chake isakhale pamalo pofikira aliyense.

Chachisanu ndi chimodzi: bandulo ndi malamulo a gulu

Walira mvula walira matope. Ndikuuzeni zomwe zinatichitikira. Bandulo yathu yoyamba, yomwe tinasonkherana kuti itifikitse kumapeto kwa mwezi, inatha pa masiku anayi. Mamembala anayamba kunong'onezana kuti msungichuma wagula bandulo yaing'ono n'kudya ndalama yotsala. Mayi uja analira pa msonkhano, ndipo anafuna kutula pansi udindo. Titatsegula tsamba loyendetsera rauta tinapeza mafoni ambiri osawadziwa. Pasiwedi inali itayenda kuchoka kwa mwana wa pakhomopo kupita kwa anzake, ndipo anyamata ankakhala kuseri kwa nyumba usiku kuonera mpira ndi mafilimu. Tinapepesa kwa mayiyo, koma kalabu inatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha kabokosi.

Dziwani zomwe zimadya bandulo. Uthenga wolemba ndi wa mawu pa WhatsApp umadya pang'ono kwambiri. Zithunzi zimadya mokulirapo. Mavidiyo a pa YouTube, Facebook ndi TikTok ndiwo afisi ake: ola limodzi loonera likhoza kudya theka la 1 GB kapena kuposa. Palinso kudya kobisika. Foni ikangolumikizidwa pa Wi-Fi imayesa kuti intaneti ndi yaulere, ndipo imayamba kukonzanso mapulogalamu ake ndi kukopera mavidiyo onse a m'magulu a WhatsApp, mwini wake osadziwa. Foni iliyonse isanapatsidwe pasiwedi, wina wodziwa atseke zimenezi.

Malamulo omwe ife tinagwirizana ndi awa, ndipo mukhoza kuwasintha malinga ndi kwanu. Rauta imayatsidwa pa maola odziwika, m'mawa pang'ono ndi madzulo pochokera kumunda. Pasiwedi salembera munthu papepala, wosunga rauta amailemba yekha m'foni ya membala. Pasiwedi imasinthidwa mwezi uliwonse pa tsiku losonkha. Bandulo imagulidwa mwachindunji pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo uthenga wotsimikiza umawerengedwa pa msonkhano. Mu simukhadi ya rauta sitisiyamo mayunitsi, kuopa kuti bandulo ikatha angadyeke mosadziwika. Sabata iliyonse anthu awiri amatsegula tsamba lija kuona mafoni olumikizidwa ndi bandulo yomwe yatsala, n'kulemba m'buku.

Lamulo lina ndi lokhudza omwe alibe foni yamakono, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi, omwenso ndi amene amagwira ntchito yaikulu pa mtedza. Iwonso asonkha, choncho apindule. Kalabu ikhale ndi foni imodzi ya gulu, ndipo pakhale wachinyamata wosankhidwa woti aziwerengera anthu mitengo ndi zanyengo, n'kuzilemba pa bolodi panja. Mayi akapeza mbozi zachilendo m'chimanga, abwere nazo, zijambulidwe, chithunzi chipite kwa alangizi tsiku lomwelo. Alangizi athu ndi ochepa ndipo dera lawo ndi lalikulu. Chithunzi chimafika msanga kuposa njinga. Mwa anthu awiri osunga kiyi wa m'nkhokwe uja, mmodzi akhale mayi.

Chenjerani ndi akuba

Msewu ukalambulidwa, odutsapo ndi abwino ndi oipa omwe. Mudzalandira mauthenga oti mwapambana mphoto, kapena oti dzina lanu lili pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo koma mutumize kaye ndalama. Ena adzadzitcha ogula mbewu a ku Lilongwe, n'kukuuzani kuti mukweze matumba pa galimoto ndalama ibwera pambuyo. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze munthu aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika musatumize kwa munthu wosamudziwa. Mtengo womwe mwauona pa Facebook muutsimikize kwa alangizi kapena ku ofesi ya asosiyeshoni. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lolanga umbava wa pa intaneti, choncho mukaberedwa kanenani kupolisi ndi ku kampani ya foni msanga, musachite manyazi.

Zomwe tikupempha

Zonse ndanenazi zimatheka pokhapokha netiweki ikufika. Ndikudziwa kuti makalabu ena mukayesa mudzangopeza chilembo cha E, ena osapeza kanthu. Limenelo si vuto loti kalabu ingalithetse payokha. Ndi ntchito ya bungwe lathu la alimi kulankhula ndi mawu amodzi.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Universal Service Fund, lomwe lili pansi pa bungwe la MACRA. Cholinga chake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera komwe makampani saonako phindu. Pempho lathu loyamba ndi loti posankha malo omanga nsanja, madera olima a m'boma la Salima aganiziridwe, ndipo alimi afunsidwe.

Pempho lachiwiri ndi la misonkho. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga a pafoni ndi pa intaneti. Tikupempha aphungu athu kuti pokambirana ndondomeko ya zachuma aunikenso misonkho ya pa intaneti, pa marauta ndi pa mafoni otsika mtengo. Kwa mlimi izi ndi zipangizo za ulimi.

Pempho lachitatu ndi la magetsi. Mu November 2021 kuno ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60. Ndife onyadira kuti boma lathu likuunikira dziko. Tikupempha kuti ndondomeko ya MAREP yofikitsa magetsi kumidzi ifulumire kufika m'misika yathu ing'onoing'ono, m'nkhokwe za makopaletivi ndi m'maofesi a alangizi.

Pempho lachinayi likupita ku makampani a mafoni: pakhale bandulo ya magulu a alimi yosatha msanga. Ndalama ya mlimi imabwera pa nyengo yokolola, ndipo n'zopweteka kuona bandulo yomwe sinathe ikufa chifukwa masiku akwana.

Pempho lachisanu likupita ku Unduna wa Zaulimi: mitengo yoyambira kugulira mbewu izituluka tisanayambe kukolola, m'Chichewa, pa tsamba limodzi losavuta kutumizirana pa foni. Mndandanda wa Chingerezi wofika mu June suthandiza mlimi yemwe anagulitsa mu April.

Koma popita kukapempha tisapite chimanjamanja. Akuluakulu a m'maofesi amamva msanga akaona zolembedwa. Choncho ndikupempha kalabu iliyonse kuti tisanakumanenso ichite zinthu zitatu. Iyese netiweki monga ndafotokozera, ilembe mudzi, tsiku, nthawi ndi chilembo chomwe chinaoneka pa foni. Ikambirane ngati ikufuna rauta ndi momwe izisonkhera bandulo. Isankhe mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi oti tidzawaphunzitse kulumikiza ndi kusintha pasiwedi. Mapepala amenewo tidzawasonkhanitsa n'kuwapereka kwa a DC, kwa phungu wathu ndi ku MACRA, kudzera ku bungwe lathu. Mafumu athu, tikupemphani kuti mudzasayinire nawo, popeza malo omanga nsanja amapemphedwa kwa inu.

Amayi ndi abambo, rauta sidzalima m'munda mwathu ndipo sidzakweza mtengo wa mtedza payokha. Kusankha bwino mtedza, kuumitsa bwino kuti usachite chuku, ndi kugulitsa pamodzi ngati gulu zidakali ntchito zathu. Koma chaka chamawa venda akadzafika n'kunena kuti ku Lilongwe mtengo watsika, ndikufuna mayi wa ku Chitala adzamuyankhe kuti, “Dikirani pang'ono achimwene, tifunse kaye.”

Rauta ndabwera nayoyi ndiisiya pa tebulo apa. Pa nthawi yopuma bwerani muigwire, muitembenuze, muwerenge kapepala ka kunsi kwake, ndipo mufunse mafunso.